Mpira Usadutse pa Zitsulo: Mafunso ndi Mayankho pa Helemeti ya Kriketi

Pachilumba cha Mbenji palibe poti n'kusewererapo kriketi. Ndi pamiyala, pa zisakasa za asodzi ndi mathandala oyanikapo utaka. Koma kumtunda, kuchokera padoko la Chikombe kukafika ku Salima boma, mabwalo a sukulu alipo ambiri. Ndipo kuyambira Disembala, pamene Mfumu Yaikulu Makanjira imatseka chilumba kuti nsomba ziswane, mpaka Epulo pamene chimatsegulidwanso, anyamata amene akanakhala pamadzi amakhala pamudzi ntchito itachepa. Masewero atsopano akafika m'dera lotere sachedwa kugwira. Kriketi, yomwe kale inkadziwika makamaka ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ikulowa m'masukulu, ndipo zipangizo zake kawirikawiri zimabwera zogwirapo kale ntchito, zamphatso kapena zapakaunjika. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene mphunzitsi wa zamasewero kapena kholo angakhale nawo tsiku limene chikwama cha zipangizo zoterozo chafika, iye n'kutulutsamo helemeti.

Kampira kakang'ono chonchi n'kofunikadi helemeti?

Kagwireni kaye m'manja musanayankhe. Mkati mwake muli cork wokulungidwa ndi ulusi mothina, kunja kuli chikopa cholimba chokhala ndi msoko wotukuka. Mpira wa abambo umalemera magalamu 156 mpaka 163, wa amayi 140 mpaka 151, wa ana 133 mpaka 144. Sufinyika ngakhale muupondeko. Kuchokera pa timitengo toimikidwa kumbuyo kwa womenya kufika pa ta mbali inayo ndi mamita 20.12 basi, ndipo oponya amphamvu a m'matimu a mayiko amafika makilomita 140 pa ola. Mpira wotero umamupeza womenya theka la sekondi lisanakwane. Shoaib Akhtar wa ku Pakistan anaponyapo wa makilomita 161.3 pa ola ku Cape Town mu 2003.

Mwana wa sekondale safika pamenepo, inde. Koma bwalo lathu lili ndi zake. Pabwalo losamalidwa bwino mpira umanjanja monga womenya akuyembekezera. Pabwalo la sukulu, pamene mbuzi zadutsa ndipo mvula yakumba timaenje, mpira woponyedwa pang'onopang'ono ukhoza kugunda kamwala n'kudumphira kumaso. Pamchenga vuto limatembenuka: mpira sunjanja, ndiye ana amayamba kuuponya m'mwamba osaugunditsa pansi, molunjika pamutu wa mnzawo. Liwiro lochepa pabwalo loipa nalonso limapweteka anthu.

Si nkhani za kunja izi? Kuno kwathu kriketi yake ili kuti?

Ilipo, ndipo yakula kuposa m'mene ambiri akuganizira. Malawi inalowa payokha m'bungwe la ICC, loyendetsa kriketi padziko lonse, mu 2003. Kale inkawerengedwa pamodzi ndi mayiko ena a kummawa ndi pakati pa Africa. Timu ya amayi inasewera masewero ake oyamba ovomerezeka a T20 ku Gaborone mu Ogasiti 2018. Ya abambo inayamba mu Novembala 2019 pa mpikisano wa Kwacha Cup, pamene inalandira Mozambique ku Lilongwe Golf Club ndi ku Blantyre, n'kupambana. Mu Seputembala 2024 ku Dar es Salaam, Malawi inamaliza pachiwiri, kumbuyo kwa Tanzania, m'ndime yoyamba ya mu Africa yolimbirana malo ku World Cup ya T20. Mwana amene akuyamba lero ku Salima ali ndi kolowera. Akakafika kumeneko adzapeza lamulo la ICC, lomwe linayamba pa 1 Juni 2023, lokakamiza helemeti kwa womenya amene akukumana ndi woponya mwamphamvu, kwa wicketkeeper, wogwira mpira kumbuyo kwa womenya, akaima pafupi ndi timitengo, ndi kwa wotchinga mpira amene waima pafupi kutsogolo kwa womenya. Ndi bwino azolowere akadali pano.

Helemeti tili nayo, mwana wavala. Vuto latsala pati?

Latsala pa mpata. Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene anthu ambiri sayang'anapo.

Helemeti ya kriketi ili ndi chigoba chokuta mutu, mlomo wotulukira pamwamba pa mphumi, ndi zitsulo zotchinga kumaso. Pakati pa mlomo ndi chitsulo chapamwamba pali mpata umene womenya amaonerapo mpira. Mahelemeti akale, omwe ndi amene amafika kuno kawirikawiri, ali ndi manati m'mbali pafupi ndi makutu, ndi mabowo angapo, kuti munthu akweze kapena kutsitsa zitsulozo. Osewera ankakonda kuzitsitsa kuti aziona bwino. Mpata ukakula, mpira umalowa.

Mu Julayi 2014, Craig Kieswetter, wobadwira ku Johannesburg koma wosewerera England ndi Somerset, anamenyedwa ndi mpira wa David Willey. Anali atavala helemeti. Mpira unadutsa pampata uja, unamuthyola mphuno ndi fupa lozungulira diso. Diso silinabwerere mwakale, ndipo mu Juni 2015 anasiya kriketi ali ndi zaka 27. Patangotha mwezi umodzi Kieswetter atavulala, ku Old Trafford mumzinda wa Manchester, Stuart Broad anayesa kumenya mpira wa Varun Aaron wa ku India. Unakhudza m'mphepete mwa bati, n'kulowa pampata womwewo, mphuno n'kuthyoka. Chaka chimodzi izi zisanachitike, mu 2013, Craig Ranson ndi anzake anali atafalitsa kafukufuku wa mavidiyo 35 a osewera ovulala mutu atavala helemeti, ndipo njira ziwiri zinaonekera poyera: mpira kudutsa pakati pa mlomo ndi zitsulo, kapena zitsulo zenizenizo kupindikira kumaso.

Chosokoneza n'chakuti mpata ukhoza kukhala wocheperako pang'ono kuposa mpira, koma mpira n'kudutsabe. Msodzi aliyense wa ku Chikombe amadziwa kuti nsomba yooneka yokulirapo pang'ono kuposa diso la ukonde imatha kudzipanikiza n'kupyola, chifukwa ulusi umatamuka. Ndi m'menenso zilili apa. Mpira ukagunda mwamphamvu, mlomo umapindikira m'mwamba, chitsulo chimapindikira pansi, mpata umatseguka kwa kamphindi, mpira walowa kale. Choncho kuyesa kongoika mpira pampata n'kuona kuti wakakamira pang'ono sikokwanira. Mpata uyenera kuchepa moonekeratu.

Ndiye tizimange bwanji zitsulozi?

Musamange helemeti ili m'manja. Mukhazikeni mwana pabenchi, mumuveke, mumange lamba wa pachibwano, ayang'ane kutsogolo mutu uli chilili. Masulani pang'ono manati a mbali zonse ziwiri, kwezani zitsulo kufika pabowo limene likupereka mpata wochepetsetsa, ndipo onetsetsani kuti bowo la kumanja ndi la kumanzere ndi ofanana. Zitsulo zopendekeka zimasiya mpata waukulu mbali imodzi, ndipo diso la munthu wongoyang'ana mwachangu siliona zimenezo. Mangani manati mpaka zitsulo zisamagwedere mukazikankha ndi chikhatho, koma osafinya mpaka chigoba kung'aluka.

Kenako muvuleni, mutenge mpira weniweniwo umene muti museweretse tsikulo, muukankhire pampata ndi mphamvu, pakati ndi m'makona onse awiri. Mpira uyenera kukhala kunja, mbali yake yaikulu ili panja. Ukalowa mpaka theka, helemeti imeneyo siyoyenera mpira umenewo. Ndanena kuti mpira weniweniwo chifukwa mipira imasiyana. Wa abambo ndi wa masentimita 7.1 mpaka 7.3 kupingasa kwake, pamene wa ana umayambira pa 6.5. Helemeti ya wamkulu imene ikutchinga bwino mpira wa abambo ikhoza kulowetsa wa ana. M'masukulu, m'mene mpira ndi wa ana koma helemeti ndi yotsala kwa akuluakulu, ngozi yabisala pamenepa.

Muvekeninso. Kankhani zitsulo kuloza kumaso ndi dzanja. Zisakhudze mphuno, milomo kapena chibwano. Zikakhudza mukungokankha ndi dzanja, mpira udzazikhomerera pamano. Yang'ananinso m'munsi: chitsulo chomaliza chifike pansi pa chibwano kuti nsagwada zikhale mkati. Mukakweza zitsulo kuti mutseke mpata wapamwamba koma chibwano n'kutsala panja, zitsulozo n'zazing'ono kwa mwanayo, kapena si za helemeti imeneyo. Osasakaniza chigoba cha kampani ina ndi zitsulo za kampani ina, ngakhale mabowo atalingana. Nati ikatayika, musamangepo waya kapena mphira wa tayala. Pezani nati ina yolingana, ndipo ikasowa helemeti ipume.

Mwana akudandaula kuti chitsulo chikumutchinga maso. Titsitseko pang'ono?

Ayi. Mumvereni chisoni, koma musatsitse. Dandaulo limeneli si la ana okha. Mu Epulo 2016, bungwe la kriketi ku England litalamula mahelemeti atsopano a mpata wochepa, Alastair Cook, yemwe anali kaputeni wa timu ya dzikolo, anayamba wakana, n'kusewera ndi yakale. Pasanapite nthawi anavala yatsopanoyo, ndipo anapitiriza kusewera bwino. Maso amazolowera. Chofunika n'chakuti kuzolowerako kuchitike pophunzira, ndi mpira wofewa, osati tsiku la mpikisano.

Nthawi zambiri vuto silikhala zitsulo koma kavalidwe. Helemeti ikakhala yaikulu imagwera kutsogolo, mlomo n'kuphimba maso. Mwana amaikankhira kunkhongo, ndiye chitsulo chapamwamba chimakwera n'kupingasa pamaso penipeni, mphumi n'kutsala pamtunda. Helemeti yokhala bwino imakhala yowongoka, m'mphepete mwake muli pamwamba pang'ono pa nsidze, maso akuyang'ana pakati pa mpata.

Tidziwa bwanji kuti ikumukwana?

Bwerekani tepi kwa atelala. Yezani mutu mozungulira, pamwamba pang'ono pa nsidze ndi pamwamba pa makutu, mpaka potukuka pa nkhongo. Mkati mwa helemeti mumalembedwa kukula kwake m'masentimita, monga 51 mpaka 54, 54 mpaka 57, kapena 58 mpaka 61. Akavala, lamba asanamangidwe, apukuse mutu uku ndi uku, agwedezenso m'mwamba ndi pansi. Helemeti iyende ndi mutu, khungu la pamphumi likusuntha nayo. Ikamavina payokha ndiye kuti yakula. Mahelemeti ambiri amabwera ndi timasiponji tosinthasintha kapena kozungulitsa kunkhongo, ndipo izi zimathandiza ngati kusiyana kuli kochepa. Koma kupinda chitenje kapena kuvala kapu mkati kuti helemeti ya bambo ikwane mwana wa Sitandade 5 n'kudzinamiza. Mpira ukagunda, helemeti imazungulira pansaluyo, zitsulo n'kukamenya nkhope.

Lamba amangidwe pansi pa chibwano mothina moti chala chimodzi chilowe movutikira. Wolendewera alibe ntchito. Kwa atsikana, yezani mutu tsitsi lili m'mene lidzakhalire posewera. Kuluka kokhuthala kapena mfundo yaikulu kunkhongo kumakweza helemeti n'kusintha pamene maso akuyang'anira. Tsitsi limangidwe m'munsi, pansi pa chigoba.

Ndipo poti helemeti imodzi izivalidwa ndi ana ambiri, kuyesaku n'kwa mwana aliyense, nthawi iliyonse. Inde zimachedwetsa masewero. Zichedwe.

Pali chizindikiro chosonyeza kuti helemeti ndi yodalirika?

Yang'anani mkati, pakapepala komatidwa kapena kosokedwa. Mukufuna malemba akuti BS 7928:2013. Uwu ndi muyezo wa ku Britain umene unakhazikitsidwa chifukwa cha ngozi za kumaso zija. Muyezo wakale wa 1998 unkayesa kulimba kwa chigoba, koma sunkawombera mpira pampata. Watsopanowu umawombera mpira pazitsulo ndi pampata pa liwiro la pafupifupi makilomita 100 pa ola pa mpira wa abambo, n'kuona ngati mpira kapena chitsulo chakhudza nkhope. Kuyambira pa 1 Febuluwale 2017, ICC sivomereza helemeti yopanda muyezo umenewu m'masewero a pakati pa mayiko. Mahelemeti ambiri a muyezowu ali ndi zitsulo zomangiratu kufakitale, zosakwezeka kapena kutsitsika, dala kuti wosewera asazisinthe. Mukapeza yotere musaboole mabowo ena.

Kapepalako kamanenanso mpira umene anayesera, wa abambo, wa ana, kapena yonse iwiri. Kwa ana fufuzani yoyesedwa ndi mpira wa ana. Kwa amayi ndi atsikana, amene mpira wawo uli pakati, yoyesedwa ndi mipira yonse iwiri ndiyo yabwino.

Tsono kunena zoona, mahelemeti ambiri amphatso ndi amene makalabu a kunja anawasiya muyezo watsopanowu utabwera. Wopereka ali ndi mtima wabwino, koma chimene wapereka ndi chimene mwana wake sakuvalanso. Sindikuti muzitaye. Helemeti yakale yosang'aluka, yomangidwa pampata wochepetsetsa, iposa mutu wopanda kanthu. Koma ikhale ya oponya pang'onopang'ono ndi ya pophunzira, ndipo polemba kalata yothokoza musachite manyazi kupempha kuti ulendo wina atumize za BS 7928:2013, za misinkhu ya ana.

Helemeti ya kabaza ili pakhomo pomwepa. Singagwire ntchito?

Ganizoli si lachilendo. Dennis Amiss wa ku England, pamene ankapita kukasewera World Series Cricket ku Australia mu 1977, anavala helemeti yopangidwa motengera ya njinga yamoto, ndipo ankavutika kumva mnzake akamuitana kuti athamange. Graham Yallop wa ku Australia ndiye anayamba kuvala helemeti pomenya m'masewero a Test, ku Bridgetown mu 1978. Kuchokera pamenepo mahelemeti a kriketi anatenga njira yawoyawo, ndipo pali zifukwa. Ya njinga yamoto anaipangira munthu wogwa pamsewu. Ndi yolemera, imatseka makutu, imachepetsa kuona m'mbali, ndipo galasi lake lapulasitiki silinapangidwe kuti litchinge mpira wolimba. Likasweka, zidutswa zimalowa m'maso. Yopanda galasi ndiye nkhope yonse ili pamtunda. Mbali inayo n'chimodzimodzi: helemeti ya kriketi musakwere nayo njinga yamoto.

Nanga khosi? Helemeti sifikako.

Sifikako, ndipo dziko la kriketi linaphunzira zimenezi mowawa. Pa 25 Novembala 2014, ku Sydney Cricket Ground, Phillip Hughes anali ndi ma run 63 pamene anayesa kumenya mpira wodumpha. Anatembenuka msanga, mpira n'kumupeza pakhosi, m'munsi mwa khutu lakumanzere, pamene chigoba chimathera. Mtsempha waukulu wopititsa magazi ku ubongo unang'ambika. Anamwalira pa 27 Novembala, kutatsala masiku 3 kuti akwanitse zaka 26. Helemeti anali atavala.

Zitatero makampani anayamba kupanga zotchinga khosi, timapilo tolimba timene timakoledwa kumbuyo kwa zitsulo n'kuphimba m'munsi mwa makutu. Kampani ya Masuri inatulutsa chake chotchedwa StemGuard mu 2015. Osewera ena anazikana, akuti zikuwabanikiza. Steve Smith analibe chotchinga khosi pamene mpira wa Jofra Archer unamugwetsa pabwalo la Lord's mu Ogasiti 2019. Ku Australia zinakhala zokakamiza kuyambira pa 1 Okutobala 2023 kwa omenya okumana ndi oponya mwamphamvu. Ngati mukugula helemeti yatsopano, gulani ndi chotchinga khosi cha kampani yomweyo.

Ngati mulibe, chotsala ndi maphunziro. Mwana akaona mpira ukubwera kumutu, thupi limamuuza kuti atembenuke, apereke nkhongo. Kumeneko ndiye kopanda chitetezo. Mphunzitseni ndi mpira wa tenisi, mobwerezabwereza, kuti maso asachoke pampira, awerame kapena apendekere kumbuyo mpira udutse. Wovala helemeti yabwino ndi wotetezeka kwambiri akayang'anizana ndi mpira kusiyana ndi akaufulatira.

Ndi womenya yekha woyenera kuvala?

Ayi. Raman Lamba, yemwe anasewererapo India, anali kutchinga mpira pafupi kwambiri ndi womenya m'masewero a makalabu ku Dhaka mu Febuluwale 1998, wopanda helemeti. Mpira womenyedwa mwamphamvu unamugunda m'mbali mwa mutu. Anadzuka n'kutuluka m'bwalo akuyenda yekha, koma magazi anali akutayikira mkati, ndipo patapita masiku 3 anamwalira ali ndi zaka 38. Mark Boucher, wicketkeeper wa South Africa, anasiya kriketi mu Julayi 2012 ku Taunton, kamtengo kakang'ono kokhala pamwamba pa timitengo katathethekera m'diso lake lakumanzere. Anali atavala kapu.

Malangizo a ku England a ana ndi osavuta kutengera. Aliyense wosakwana zaka 18 avale helemeti ya zitsulo pomenya mpira wolimba, komanso akakhala wicketkeeper woima pafupi ndi timitengo. Wa zaka 15 kutsika m'munsi asaime pafupi kuposa mamita 7.3 kutsogolo kwa womenya, ndipo wa zaka 13 kutsika m'munsi asayandikire kuposa mamita 10, ngakhale atavala helemeti. Jambulani mzere pansi ndi phulusa kuti pasakhale mkangano. Kamfundo kena: helemeti ya otchinga mpira ikakhala kuti sikuvalidwa, imaikidwa pansi kumbuyo kwa wicketkeeper, ndipo mpira ukaigunda timu yomenya imapatsidwa ma run 5. Ana amalikonda lamulo limeneli kuposa onse.

Mwana wamenyedwa pamutu koma akuti ali bwino. Apitirize?

Atuluke, ndipo tsiku limenelo asabwererenso. Ana amabisa ululu poopa kusekedwa kapena kulandidwa malo. Helemeti imateteza chigaza kuti chisasweke, koma ubongo umagwedezekabe mkati, ndipo zizindikiro zimatha kuchedwa. Smith uja anabwerera kukamenya tsiku lomwelo, koma kutacha anadzuka mutu ukuwawa, ali ndi chizungulire, ndipo Marnus Labuschagne analowa m'malo mwake, woyamba kulowa motero m'masewero a Test pansi pa lamulo limene linali litangoyamba pa 1 Ogasiti 2019.

Mufunseni mafunso apafupi: tili kuti, tikusewera ndi ndani, wadya chiyani m'mawa. Onani kayendedwe kake. Auzeni makolo ake maso ndi maso, osati kungomutuma mwanayo, kuti: "Mayi, mwanayu wagundidwa ndi mpira pamutu, usiku uno wamkulu agone naye pafupi, ndipo mawa apite kuchipatala akamuone." Akamasanza mobwereza, mutu ukamakulirakulira kupweteka, akamasinza modabwitsa kapena kuvuta kudzutsa, akamalankhula zosokonekera, akakomoka kapena kugwedezeka ngati wakhunyu, magazi kapena madzi akamatuluka m'khutu kapena m'mphuno, dzanja kapena mwendo ukafooka, musadikire kuti kuche. Pitani naye kuchipatala chapafupi, kumene angamutumize ku chipatala cha boma cha Salima, ndipo zikavuta ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Salima. Kuchokera kugombe la kwa Makanjira ulendowu ndi wautali, n'chifukwa chake kunyamuka msanga kuli kofunika kwambiri kuno kuposa m'tauni. Wopweteka mutu mupatseni Panado, osati aspirin kapena Brufen, chifukwa awiriwa amachedwetsa magazi kuundana. Wakomoka kapena wodandaula khosi musamukhazike pakabaza, ndipo musamuzule helemeti mokoka pokhapokha ikumulepheretsa kupuma. Mugwireni mutu usagwedezeke, mufune galimoto.

Helemeti imene yagundidwa mwamphamvu nayonso yatha ntchito. Siponji yolimba ya mkati imateteza pophwanyika, ndipo ikaphwanyika sibwereranso, ngakhale kunja kukuoneka bwino. Izi n'zowawa pasukulu imene ili ndi mahelemeti awiri okha. Komabe zitsulo zopindika musaziwongole ndi hamala kapena kupita nazo kwa owotcherera.

Kutentha kwa kunyanja kuno, mwana apirira m'chigoba chimenechi?

Mu Okutobala ndi Novembala, kutentha ku Salima kukapyola madigiri 30, helemeti imasanduka chipsinjo, ndipo ana amayamba kumasula lamba kapena kuikankhira kunkhongo. Sewerani m'mawa kapena dzuwa litapendeka, madzi akumwa akhale pafupi, ndipo womenya avule helemeti pa nthawi yopuma. Thukuta ndi chinyezi cha kunyanja zimachititsa dzimbiri pamanati ndi polumikizira zitsulo, choncho mukamaliza pukutani, yanikani pamthunzi, ndipo sabata iliyonse yesani manati ngati akhwepa. Musaisiye padzuwa kapena pansi penipeni pa malata otentha, chifukwa pulasitiki ndi guluu zimafooka. Musaitsuke ndi parafini kapena petulo, ndipo musaipake penti ya mtundu wa sukulu. Timasiponji ta mkati chapani ndi sopo, poti ana obwerekana helemeti amapatsirana zipere.

Ndalama za helemeti palibe. Ndiye ana asasewere?

Asewere, koma osati ndi mpira wolimba. Apa sindinyengerera. Mpira wa tenisi wokulungidwa ndi tepi ya magetsi umathamanga, umanjanja bwino, ndipo ukaukulunga mbali imodzi yokha umakhota m'malere. Ku Karachi ndi m'mizinda ina ya Pakistan kriketi ya m'misewu imaseweredwa ndi mpira umenewu, ndipo oponya awo ambiri otchuka anayambira pomwepo. Mwana akhoza kuphunzira kagwiridwe ka bati, kaponyedwe, kathamangidwe ndi malamulo onse kwa zaka zingapo osakhudza mpira wachikopa. Nawonso ukagunda m'diso umapweteka, choncho lamulo loletsa kuponya molunjika kumutu likhalepobe.

Komiti ya sukulu ikapeza kangachepe, igule mahelemeti isanagule mipira yolimba. Pamafunika atatu: awiri a omenya, poti amasinthana mbali akathamanga ndipo sangamavulirane pakati pa bwalo, ndi imodzi ya wicketkeeper. Akakhala awiri okha, wicketkeeper aime patali ndi timitengo.

Ndipo musaganize kuti ngozi imadikira tsiku la mpikisano. Peter Brukner ndi anzake anafufuza m'nyuzipepala ndi m'zolembedwa zakale za ku Australia, ndipo mu 2018 anafalitsa kuti pakati pa 1858 ndi 2016 anthu 174 anafa chifukwa chovulala pa kriketi m'dzikomo. Mwa iwo 91 anafera m'masewero wamba, a kuseri kwa nyumba, pamsewu, pasukulu ndi pagombe, pamene 83 anafera m'masewero okonzedwa ndi pokonzekera. Imfa zochokera ku kuvulala mutu zinatsika kwambiri m'zaka za m'ma 1980, mahelemeti atafala. Choncho mipira yolimba isungidwe m'chikwama chimodzi ndi mahelemeti, mu ofesi ya ahedi, ndipo izituluka pokhapokha mphunzitsi ali pabwalo. Ana akamaweruka Lachisanu n'kupempha kuti akasewere kugombe Loweruka, abwerekeni bati ndi mpira wa tenisi.